Tiyi wa M'pulanja

Kaphuka, Dedza
Lachiwiri, 8 Julayi

Wokondedwa mlongo wanga Kingsley,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ku Cape Town kumeneko. Chifuwa chija chidatha? Ntchito ya kuhotela ikuyenda? Nanga alamu anga a Cathy ndi mwana ali bwanji? Kuno tonse tili moyo, Mulungu akutisunga. Abambo a Hope ali kudimba kukumba mbatatesi, ndipo chaka chino yabereka ndithu. Chisanu chokha ndiye chatikwana, m'mawa madzi a mumtsuko akuchita kuluma mano.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati kulibe foni. Foni ikalira pano atate amatchera khutu, ndipo zina zimene ndikufuna kukuuza n'zochititsa manyazi. A Robin anyamuka Lachinayi ndi thiraki yawo, alonjeza kuti adzakupatsa m'manja.

Khala pansi kaye. Atate alankhula, Kingsley. Alankhula mawu omveka, pamaso pa anthu, ndipo dzanja lamanja lija lagwira ntchito. Ndikulemba pano mtima uli dyokodyoko, cholembera chikuthamanga kuposa mutu. Koma ndikayambira kumapeto sumva, ndiye upirire, ndiyambira pa zoipa.

Choyamba ndiulule bodza langa. Chigalasi chija udatumiza pa Pasaka, chokhala ndi chivundikiro ndi kandodo kachitsulo kotsitsira sefa pansi, atate sadamwerepo khofi ngakhale kamodzi. Anamwino kuchipatala adaletsa, akuti magazi awo akuthamanga kale, khofi ayi. Paketi ya khofi ndidakapereka kwa akatekisiti, chigalasicho ndidachiika m'kabati kuseri kwa mbale za amayi. Iwe ukaimba n'kufunsa ngati atate akusangalala nacho, ine ndinkangoti kwambiri. Udasankha mphatsoyo ndi mtima wonse, pokumbukira kuti adali khukhi wa ansembe kumishoni zaka makumi atatu. Ndikadakuuza bwanji kuti sindidawaonetse n'komwe?

Bodza lachiwiri ndi lija loti akupezako bwino. Sadali kupezako bwino. Chichitikire sitiroko ija mu Januwale, patangopita miyezi isanu amayi atatisiya, atate ankangokhala pakhonde atafunda bulangete, dzanja lamanja lili pamwendo ngati si lawo. Kampira kofinya kamene adawapatsa kuchipatala adakaponyera galu. Mawu ankatuluka movuta, ndipo ife, ndi chifundo chathu chopusa, tinkawamalizira. Akangoti "ma", ine ndathamanga kale ndi madzi. Mwina ankafuna malaya, ndani akudziwa? Pofika Malichi adasiyiratu kuyesa.

Mu Meyi mudabwera azakhali a Marita, mlongo wawo wa atate uja wa ku Linthipe, ndi mwana wawo a George. Mwambo ukuudziwa. Atate pano ndi mkamwini, adabwera kudzakwatira amayi zaka makumi anayi ndi zinayi zapitazo, ndipo munda ndi malo a nyumba ndi za kwa amayi. Azakhali adati mkazi adapita, ana adakula, ntchito ya m'bale wawo pamudzi pano idatha, ndiye tiwasudzule akapumire kwao. Adanenanso kuti akuonda, ndipo safuna kudzangoitanidwa tsiku lonyamula bokosi. Usawaipidwe azakhali. Ankalankhula misozi ili m'maso, ndipo za kuondazo sankanama.

Ukukumbuka nditakuimbira za nkhaniyi udati zili kwa ine, poti ndine ndikusenza. Mawu amenewo adandipsetsa mtima sabata yathunthu, koma chilungamo chake n'chakuti adandimasula. Ndidatopa, Kingsley. Kuwadzutsa, kuwaveka, kuchapa zofunda, kuphika phala loti libwerere lisadalawidwe n'komwe, uku dimba likudikira. Ndidauza amalume a Zikhalo, monga nkhoswe ya kwathu, kuti sindikana. Tidapangana Loweruka pa 5 Julayi. Ndidatsitsa sutikesi ya amayi, ndidasita malaya a atate onse n'kulongedza.

Eni ake palibe adawafunsa. Tinkati munthu wosayankha afunsidwa bwanji.

Tsopano imva za Lolemba la sabata yathayi. M'mawa ndinkaphikira pakhonde chifukwa cha utsi kukhitchini, atate ali pampando wawo chapafupi. Kasefa kathu kapulasitiki kanagwera pambaula, mwakanthawi kochepa kanali katakhwinyata. Tiyi wapsa, sefa palibe, ndipo atate masamba oyandama m'kapu sawafuna chiyambire. Ndi pomwe ndinakumbukira chigalasi chako. Ndinati sefa ndi sefa, kaya ndi ya khofi kaya ndi ya chiyani.

Iwe wa kuhotela ukuseka kale, ndikukuona. Tiyi ndinali nditaphika mwa masiku onse, madzi, masamba, mkaka ndi shuga, zonse mumphika umodzi mpaka kubwadamuka. Ndinakhuthulira zonsezo m'galasi lozizira, ndipo n'chisomo cha Mulungu kuti silinasweke. Ndinavundikira n'kukankha kandodo kaja ndi mphamvu ngati ndikupopa njinga. Tiyi anatumphukira pamlomo pake, anandiwotcha pamkono, wina anathera pachitenje.

Ndili mkati modzikupiza, ndinamva ndodo ya atate ikumenya pansi, go, go, go. Kenako mawu amene sindinawamve miyezi inayi. "Ayi."

Ndinatembenuka mtima uli m'mwamba, kuganiza kuti matenda awabwerera. Matenda ake ati? Munthu anali atakwiya. Nkhope ija ankapanga ukasiya mpeni wawo m'madzi, ndi yomweyo. Analoza galasi lija ndi ndodo, milomo ikulimbana, mpaka mawu anatuluka chimodzichimodzi: "Pu-la-nja." Ndiye dzina lake limenelo, pulanja. Ine miyezi itatu ndakhala ndikungoti chigalasi cha Kingsley.

Tiyi yense uja ananditayitsa, ndi mkaka womwe, osamva chisoni. Anandilozera kuti nditsuke pulanjayo, ndimasule sefa yake, nditsukenso. Ndinaika ketulo pamoto. Kuyambira pamenepo ine ndinali mwana wa sukulu, aphunzitsi ndi ndodo.

Poyamba madzi otentha pang'ono m'galasi, kulizunguza kuti lifunde, n'kutaya. Kenako masamba ouma, masupuni atatu, m'galasi lopanda kanthu. Ketulo itawira ndinafuna kuthira pompo, ndodo inatchinga. Ndinaiika pansi mpaka madzi anasiya kubwata, ndiye anavomera ndi mutu. Ndinathira, ndinavundikira, kandodo kali njo m'mwamba. Dzanja langa litangopita pa kandodoko, ndodo inandigogoda pa zala. Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndili nazo ine, mayi wa mwana wa ku sekondale, kugogodedwa pa zala.

Ndiye anapisa dzanja lamanzere m'thumba la jekete n'kutulutsa kolona. Ndinati kalanga ine, akundipempherera tchimo la tiyi. Anayamba kusuntha mikanda ndi chala, maso ali pagalasi. Nanenso ndinayang'ana. Masamba aja anali kutambasuka, ena kukwera ena kutsika, madzi akufiira pang'onopang'ono kuyambira pansi. Moyo wanga wonse ndaphika tiyi, koma mumphika munthu suona kanthu. Atamaliza Atate Athu mmodzi ndi a Tikuoneni Maria khumi, anandigwedezera mutu kuti tsopano.

Ndinatsitsa kandodo kaja, iwo akunena "pang'ono, pang'ono", ndipo ndisanafike pansi penipeni anandiimitsa kuti ndisafinye masamba. Anandithiritsa tiyi yense m'makapu nthawi yomweyo, osasiyamo ndi dontho lomwe. Mkaka wotenthetsa padera unabwera pomalizira.

Kingsley, zaka zonsezi timamwa chiyani? Tiyi wofiira bwino, woti usanathire mkaka umaona pansi pa kapu, wosawawa, wonunkhira mpaka kubwalo. Masamba omwewa a masiku onse. Atate anamaliza kapu yonse ndi chigumu zidutswa ziwiri. Ine ndinapita kuseri kwa khitchini kukalira, ndinabwera n'kunamizira utsi.

Lachitatu anandifotokozera za kolonayo. Zinawatengera nthawi yoti munthu n'kusenda mbatatesi beseni lonse. Lilime linkandiyabwa kuti ndiwamalizire, koma ndinaluma mlomo. Akuti kukhitchini ya kumishoni kudalibe wotchi, ndiye ankayeza nthawi ndi mikanda. Akuti kudali wansembe wina wokalamba amene khofi ankamupweteka m'mimba, ndipo iwo ndi amene adaganiza zomupangira tiyi m'pulanja, ansembe enawo n'kuyamba kusirira. Akutinso tiyi ukamusiya m'galasi limodzi ndi masamba amapitiriza kupsa mpaka kuwawa, n'chifukwa chake amathiridwa yense. Atamaliza anali thukuta kamukamu, m'chisanu chonse chija, koma maso akuwala.

Lachinayi anakana masamba athu, akuti achuluka fumbi ndipo likudutsa pasefa. Abambo a Hope anasiya mbatatesi kudimba n'kupalasa njinga mpaka ku Chimbiya kukafuna masamba akuluakulu. Anapita akung'ung'udza, anabwera akung'ung'udza, koma madzulo ndi iwo anapempha kapu yachiwiri. Lachisanu atate anakana kuti ine nditsitse. Ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, analiika pamutu pa kandodo, lamanzere pamwamba pake, n'kutsitsa okha.

Apa ndiye pali manyazi anga aakulu. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, koma sutikesi sindinamasule. Ndinkati zimene apangana akuluakulu sizibwezedwa ndi tiyi. Ndinkatinso mwina ku Linthipe akapitiriza kuchira, ndingowaikira pulanjayo pamwamba pa malaya. Ndi mmene ndinkadzinamizira, chifukwa mtima wina unkafunabe kupuma.

Loweruka linafika. Cha m'ma teni koloko azakhali ndi a George anatulukira pa galimoto yobwereka, matiresi atayala kale kumbuyo. Amalume a Zikhalo anali atafika m'mamawa. Tinakhala m'nyumba, atate tinawakhazika pampando wawo wa pakona. Malonje atatha, amalume anayamba kuyala nkhani, kuthokoza a ku Linthipe chifukwa chotibwereka munthu wabwino amene sadatukwanepo pamudzi. Ankanena za atate ngati za munthu woti palibe. Ine ndinadzuka kuti ndikaphike tiyi mumphika waukulu.

Ndisanafike pakhomo, go, go, go. Amalume anadukiza. Atate analoza tebulo n'kunena momveka bwino kuti pulanja. Azakhali anandiyang'ana ngati ndawalodza m'bale wawo.

Ndinabweretsa zonse, pulanja, ketulo, masamba, makapu, n'kukokera tebulo pafupi ndi maondo awo. Ine ntchito yanga inali yonyamula ketulo basi. Kufunditsa galasi anazunguza okha. Masamba anatapa okha ndi lamanzere, ena anamwazika patebulo. Azakhali anadzuka kuti athandize, amvekere achimwene musavutike, apange Magadalena. Atate anangowayang'ana, azakhali anabwerera pampando.

Nditathira madzi, anavundikira n'kutulutsa kolona. A George anaona ngati mpata wapezeka, anayamba kunena kuti mwini galimoto akuifuna pofika thuu koloko, ndiye nkhani ifupike. Atate anakweza chala chimodzi, osawayang'ana n'komwe. A George, ndi ukulu wawo wonse wa uphunzitsi, anatseka pakamwa. Anthu akuluakulu anayi tinakhala n'kumayang'ana masamba a tiyi akutambasuka m'galasi, mikanda ikuyenda. Azakhali, poti ndi a Bungwe la Amayi Achikatolika, milomo inayamba kutsatira yokha.

Mikanda itatha, atate ananyamula dzanja lamanja n'kuliika pa kandodo, monga Lachisanu. Kenako lamanzere analichotsa n'kuliika pamwendo.

Ndinafuna kukuwa. Galasi lodzaza madzi otentha, dzanja lonjenjemera, maondo awo ali pomwepo. Ndinagwira chigwiriro cha pulanja kuti isagwe, zina zonse ndinasiyira Mulungu. Kandodo sikanasunthe. Mitsempha ya m'khosi mwawo inatuluka. Kenako kanayamba kutsika, pang'ono, kuima, pang'ono, kuima. Amalume anali atatsamira kutsogolo, chipewa atachifinya m'manja. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Sefa itafika pamwamba pa masamba, atate anaima okha, pamalo pake penipeni.

Pothira ndinawathandiza kunyamula. Pulanja yakoyo imadzaza makapu atatu okha. Yoyamba anakankhira kwa azakhali, yachiwiri kwa amalume, yachitatu kwa a George. Iwo anatsala opanda.

Azakhali anafunsa kuti nanga inu achimwene mumwa chiyani. Atate anatsegula pakamwa, mawu anakana. Anayesanso. Ndinaona a George akufuna kuwayankhira, ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, ndipo sindipepesa. Tinadikira. Mpaka anatuluka:

"Alendo ayambe. Ine ndili pakhomo."

Kingsley, ndikadakonda ukadakhalapo. Amalume anayang'ana kudenga. Azakhali anagwira kapu ndi manja awiri, misozi ikugwera pachitenje, anamwa, kenako amvekere shuga wachepa. Atate anaseka! Kuseka kwa mbali imodzi, koma kuseka. Anawakankhira mbale ya shuga, azakhali anathira masupuni anayi uku akuwanena kuti kuuma mutu adayamba ali mwana, pamene ankakana kudya therere la amayi awo chifukwa chochuluka chidulo.

Ine ndinagwada pomwepo pamaso pa onse. Ndinapepesa atate kuti ndinavomera nkhaniyi osawafunsa, ndiponso kuti ndinalongedza katundu wawo. Anati sutikesiyo adaiona tsiku lomwe ndidaitsitsa. Masabata onsewo ankadziwa, ankangotiyang'ana tikuwakonzera ulendo. Mawu amenewo akundiwawabe mpaka lero.

Koma nkhani sinathe, ndipo n'chifukwa chake ndakulembera. A George sanakhutire. Akuti tiyi wa tsiku limodzi si kuchira, ndipo amene adati watopa ndi ine mwini, mu Meyi, amalume akumva. Akuti mawa ndikadzatopanso, a ku Linthipe adzaoneka ngati adataya m'bale wawo. Apanso sananame. Azakhali anagamula kuti galimoto ibwerere yopanda atate, koma amve kaye mawu a mwana wamwamuna, poti iwe ndiwe mwini mbumba. Adzakuimbira Lamulungu lomaliza la mwezi uno, pa 27, akatuluka m'tchalitchi. Ukadzanenanso kuti zili kwa achemwali, a George adzabwera ndi galimoto sabata yotsatira.

Ndiye ndikupempha, mlongo wanga. Usadzanene kuti zili kwa ine. Sizili kwa ine, sizilinso kwa iwe. Eni ake ananena. Iwe udzangoti zimene atate ananena ndi zomwezo, ndipo ana awo tili pambuyo pawo tonse awiri.

Sindikunamizanso. Ntchito ikadalipo yambiri. Mwendo ukukokabe, zofunda ndikuchapabe, ndipo masiku ena mawu amathawiratu, amakwiya mpaka kuponya supuni. Ndidzatopanso, ndikudziwa. Ndikadzatopa ndidzakuuza mosabisa, ndipo iwe usadzandiyankhe ndi katundu wa pa thiraki. Pempha tchuthi ubwere mu Disembala, ukhale nawo masabata awiri, ine ndikagone tulo kwa apongozi anga.

Chinanso, usadikire pa 27. Ukangowerenga kalatayi uimbe, ndipo upemphe kulankhula ndi atate, osati ine. Ukawafunsa funso, ukhale chete. Foni idzangoti zii, udzaganiza kuti netiweki yathawa, koma usadule ndipo usawayankhire. Iwe pakamwa pako sipauma chibadwire, ndiye uyambe kuyeserera pa alamu anga.

Tsopano pakhomo pano pasanduka ngati tiyirumu. Akatekisiti amva mbiri, dzulo anabwera kudzaona okha, ndipo Lamulungu likubwerali a mphakati wathu akuti adzapempherera kuno. Makapu atatuatatu, kaya tidzamaliza nthawi yanji. Atate akuti aliyense adikire nthawi yake. Ukamabwera udzatenge masamba abwino a kumeneko ayese, ngakhale ndikudziwa kuti adzawapezera chifukwa.

Upereke moni kwa alamu anga a Cathy, uwauze kuti juzi ija Hope savula. Mwana wakoyo umupsompsone m'malo mwanga, ndipo uzimulankhula Chichewa kuti asadzasowe chonena kwa agogo ake. A Robin uwapatseko madzi akumwa, atithandiza. Amalume a Zikhalo, abambo a Hope ndi Hope akupereka moni wambiri. Ambuye akusunge, akuteteze pantchito ndi pamsewu, mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wako,
Magadalena

Ndimati ndipinde pepalali, atate andifunsa kuti ndikulembera yani. Nditawauza, apempha cholembera. Ndawapatsa kudzanja lamanzere, akana. Zokhotakhota zili m'munsizi ndi dzina lawo, usazione ngati Hope amayesera inki. Zatitengera theka la ola, ndipo pepala labooka pawiri.

Benedicto